Tsiku Limene Mwana Wanga Anandikana Pamsika

Anthu akamva nkhaniyi amayamba aseka, ena amati ndathirako mchere, koma ine ndikukuuzani zoona zokhazokha, ndipo wokayika abwere adzaone mpata wa dzino uli kumanzere kuno. Sinditchula munthu, ngakhale ena mwa amene anandichita zimenezi nkhope zawo ndimazidziwa mpaka lero.

Ine kwathu ndi cha ku Dzoole ku Dowa, koma ndinakwatira ku Ntchisi, kumapiri uko, ndipo kumeneko ndinali mkamwini wosadziwika kwenikweni chifukwa banja litangoyamba ndinapita ku Joni kukasaka maganyu. Ndinachoka mwana wathu wamkazi akukwawa, ndinabwera ali ndi zaka zinayi, kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane. Ndikamuitana ankathawira kuseri kwa chitenje cha mayi ake n'kumandisuzumira ndi diso limodzi.

M'mawa mwake mkazi wanga anati ndimutenge tipite kumsika awiriwiri kuti andizolowere, popeza iye ankapita kukathira feteleza kumunda. Anati ndikamugulire nsapato, zoyamba m'moyo wake, chifukwa ana a Sande sukulu anali ndi sewero kutchalitchi ndipo iye anamusankha kukhala mngelo. Ine ndinangoti ndi nzeru imeneyo, nanga ndani angaganize kuti nsapato za mwana zingaphetse munthu?

Poyamba zonse zinayenda bwino. Tinakwera njinga yamoto, kwa iye kanalinso koyamba, ndipo tikadutsa pamatope ankaseka atagwira malaya anga zolimba. Pamsika ndinamugulira mandasi, kenako nsapato zofiira zimene zimayaka kuchidendene ukaponda, moti anangokhalira kuponda pansi n'kumadziyang'ana mapazi. Mumtima ndinati basi, mwanayu wayamba kundidziwa.

Tikutuluka, anaona mayi wina kutsidya kwa msewu atavala chitenje chofanana ndi cha mayi ake, ndiye anangondipulumuka n'kuthamanga, pomwe lole ya feteleza ikubwera. Ndinamugwira mkono mwamphamvu n'kumunyamula, iye kuyamba kukuwa, kundimenya mateche, kuitana amayi ake. Mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa kuti mwanayo ndi wa ndani ndipo ndikupita naye kuti. Apa ndivomere, ndinalakwa, chifukwa mtima unali udakali m'mwamba ndi lole ija, ndiye ndinamuyankha kuti zikumukhudza chiyani, azigulitsa tomato wakeyo. Komanso taganizani mmene ndinkaonekera, jekete lachikopa, magalasi akuda, chikwama kumsana, nkhope yachilendo, m'nyengo imene mphekesera za anthu oba ana zinali pakamwa pa aliyense.

Mayi uja anasiya tomato wake, n'kubwera kudzamufunsa mwanayo mokoma kuti kodi awa ndi adadi ako? Mwana wanga, magazi anga enieni, anapukusa mutu uku akusisima, n'kunena kuti ayi, adadi ake ali ku Joni, amalankhula mu foni ya amayi.

Sindikudziwa amene anayamba kukuwa kuti wakuba ana, ndinangoona msika wonse watembenukira kwa ine. Anandilanda mwana, wina khofi, wina chibakera, wina anandimenya ndi mpini wa khasu kumsana mpaka ndinagwada m'matope. Ndinatchula mudzi, ndinatchula apongozi anga, iwo amvekere akuba amayamba aloweza maina. Ndinati aone zithunzi mu foni yanga, koma foniyo inali italowa kale m'thumba la mmodzi mwa oteteza anawo. Anakhuthula chikwama changa n'kupeza makina ometera ndevu, tchaja ndi mapilitsi a mutu, ndiye bambo wina wovala taye, amene umamuona ngati mkulu wa mpingo, ananyamula mapilitsiwo m'mwamba n'kumauza anthu kuti awa ndiwo amagonetsera ana. Njerwa inandipeza pakamwa nthawi imeneyo.

Chimene chimandiwawa kuposa njerwayo ndi ichi. Pakati pa miyendo ya anthu ndinaona bambo wina wa m'mudzi wa mkazi wanga, munthu amene anadya nawo pa chinkhoswe chathu, ndipo ndinamukuwira kuti awauze anthuwa kuti ndine ndani. Anandiyang'ana, maso athu anakumana ndithu, kenako anawerama n'kupitiriza kumanga mbuzi yake panjinga. Kodi munthu wotere mungamutche chiyani?

Nditamva wina akuitanitsa tayala ndi petulo kwa anyamata a njinga zamoto, ndinasiya kudziteteza. Ndinangoganiza kuti ndapulumuka zaka zitatu m'dziko la eni kuti ndidzafere kwathu, mwana wanga akuonerera.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wochepa thupi, mlezi wa kusukulu ya mkombaphala kumene mwanayo ankapita, amene anabwera kudzagula mpunga wa Khirisimasi. Iye anamva kulira n'kuzindikira mawu, ndipo anamupeza mwanayo ataima yekhayekha pafupi ndi ngalande, anthu akumugunda uku ndi uku, popanda ndi mmodzi yemwe womugwira dzanja. Anamubereka kumsana, n'kudzipanikiza pakati pa gulu mpaka kudzaima pamwamba panga. Anawauza kuti mwanayu amamudyetsa phala tsiku ndi tsiku, kuti bambo ake afika dzulo kuchokera ku Joni ndipo mudzi wonse ukudziwa, ndiye ngati akufuna kuotcha ayambe ndi iye ndi mwana ali kumsanayo. Wina anati mwina mayiyo ali limodzi ndi ine. Mayiyo anangoimbira mkazi wanga n'kukweza mawu a foni, ndipo anthu onse anamva mkazi wanga akulira, akufotokoza jekete langa ndi malaya amene mwana anavala.

Mukuganiza kuti alipo anapepesa? Anangobalalika mmodzimmodzi, wa tayala uja n'kuligubuduza kubwerera nalo ngati palibe chachitika. Mayi wa tomato ndiye anatsala pang'ono, n'kundiuza kuti tsiku lina ndizidzayankha bwino akulu akandifunsa.

Khirisimasi ndinaidyera m'chipatala ku boma, nthiti ziwiri zitathyoka. Mwanayo anatha mwezi wathunthu akukodza pogona ndipo akamva phokoso la anthu ambiri ankatseka makutu. Ku Joni sindinabwererenso, ndimalima fodya ndi soya konkuno. Pano mwanayo ndi wamkulu, ali kupulayimale, za tsikulo sakumbuka, ndipo ndinaletsa aliyense pakhomo kumuuza, chifukwa iye sananame, ananena zimene ankadziwa.

Anthu aja ndiye sindinawakhululukire, ndisakunamizeni, ngakhale abusa andilankhula kangapo. Ine ndimakhulupirira kuti panalibe amene ankateteza mwana tsiku lija, chifukwa akanakhala ndi chisoni ndi mwanayo sakanamusiya pangalande kuti athamangire kudzaponya njerwa. Ankafuna munthu womumenya basi, ndipo ine ndinapezeka. Inu abambo amene muli kutali, mukabwera musathamangire kutuluka ndi mwana awiriwiri, yambani mwakhala naye pakhomo mpaka akuitaneni yekha. Ndipo inu amene mumati mukamva wakuba mumayamba kutola mwala, dziwani kuti tsiku lina wolira pamsika adzakhala mwana wanu, womunyamula ndinu, ndipo odziwa dzina lanu adzakhala akumanga mbuzi zawo.