Do Wapamwamba wa Adada

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adada anayamba kupanga bokosi loimba. Tinkakhala pa boma la Mzimba, kuseri kwa msika, m'nyumba ya khonde lalitali, ndipo pakhondepo ndi pamene iwo ankakonzera mawailesi a anthu. Ali mnyamata anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi njinga, kasutikesi ka zipangizo, komanso chizolowezi choyang'anitsitsa munthu pakamwa akamalankhula. Ine ndinkangoti ndi ulemu wawo.

Mpaka lero ndikamva fungo la matabwa a paini, khonde lija limandibwerera: utsi wa makala pa mbaula pamene ankatenthetsera chitsulo chowotcherera, mtovu ukusungunuka n'kuundana ngati dontho la mame, mawailesi otsegula mimba atandandalikidwa pa benchi.

Kwathu kwenikweni ndi ku Manyamula. M'tchalitchi cha kumeneko munali limba lakale lopopa ndi mapazi, koma makoswe anadya mvukuto wake ndipo linakhala zaka lili duu pakona. Akuluakulu a mpingo anawapatsa adada kuti aone chochita. Iwo anaona kuti silingadzukenso. Anachotsako makiyi, n'kusungaponso timalilime tiwiri ta mkuwa, timene anatimangirira m'timabango kuti munthu aziuzira ndi pakamwa. Kena kanali ka do wapansi, kena ka do wapamwamba.

Nzeru yotsala inachokera m'magazini akale amene mzungu wina wa ku nkhalango ya Chikangawa anawapatsa atamukonzera wailesi. Chingelezi cha m'menemo chinkawavuta, koma zojambula za mawaya ankaziwerenga ngati kalata ya m'bale wawo. Anatola tizipangizo m'mawailesi akufa, nakhoma bokosi la paini, naikamo sipika ndi mabatire. Kwa milungu ingapo bokosilo linkangotsokomola.

Tsiku limene linayamba kuimba kunali dzuwa lofooka la mwezi wa Meyi. Adada anadina kiyi imodzi, ndipo m'bokosimo munatuluka liwu limodzi, lalitali, lowongoka ngati ulusi wokokedwa. Ndinaima ndi ndowa kumutu, kudikira kuti lipume monga amachitira munthu aliyense woimba. Silinapume. Linangopitirira, kudutsa pabwalo, kudutsa pamwamba pa mpanda, ndipo ndinaganiza kuti mwina liwulo linalipo kale kwinakwake mumlengalenga, adada angolitsegulira khomo.

Masiku amenewo a chipani chimodzi, munthu wokhala ndi mawaya ambiri ankayenera kusamala. Mphekesera yoti ukulankhula ndi anthu akunja inkatha kukutengera kutali. Choncho adada sankaliza bokosi lawo m'nyumba. Ankaliika poyera, masana, ndipo aliyense wodutsa, ngakhale anyamata ofunsa makadi a chipani, ankamuitana kuti adineko kiyi. Anthu ankaseka n'kumapita.

Bokosilo linkaimba liwu limodzi pa nthawi imodzi, ngati munthu, ndipo linalinso ndi makani ngati munthu. Ukangolilumikiza ku mabatire, liwu lake linkayendayenda lokha, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono.

"Lileke liwothe kaye," adada ankatero. "Nawenso m'mawa wa Juni sungaimbe bwino usanafundidwe."

Tinkadikira, nthawi zina mpaka madzi a tiyi atawira. Kenako ntchito yochuna inkayamba. M'kati mwa bokosi munali tizomangira tiwiri totembenuza ndi sikuludiraiva yaing'ono. Koyamba kankakweza kapena kutsitsa mawu onse pamodzi. Kachiwiri kankatalikitsa kapena kufupikitsa mtunda wochokera pa do wapansi kufika pa do wapamwamba. Vuto linali lakuti ukakhudza kena, kanzake kankasuntha. Unkayenera kupita uku, kubwerera uku, kangapo konse, mpaka awiriwo atamvana.

Adada ankatsamiritsa mwala pa kiyi kuti liwu lisaleke, n'kuika kabango pakamwa, n'kuuzira. Mawu awiriwo akakumana asanafanane, pakati pawo pankabadwa kunjenjemera: wowowowo. Akatembenuza sikuludiraiva pang'ono, kunjenjemerako kunkayamba ulesi, wooo, wooo, ngati madzi a mu ndowa imene waitula kumene. Kenako madziwo ankakhazikika. Mawu awiri aja ankasanduka amodzi, ndipo ine ndinkamva ngati khonde lonse laleka kupuma.

Do wapansi ankachuna okha. Akafika pa wapamwamba ankandiitana.

"Lusungu, bwera. Makutu a ana ndi atsopano. Pulika makola, mvetsera bwino, likakhazikika undiuze."

Ndinkasangalala ndi ntchitoyo, koma ndinkaiona ngati masewera a kusukulu. Aphunzitsi amafunsa zimene akuzidziwa kale. Ndinkakhulupirira kuti adada nawonso akungondiyesa.

Mu Julaye ankhazi anga, mlongo wawo wamng'ono wa adada, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Edingeni. Adada analonjeza kuti bokosi lawo lidzatsogolera nyimbo pa ukwatiwo, m'tchalitchi chomwe chija cha limba lakufa. Amama anatsogola kukathandiza kusinja. Ife tinanyamuka Lachisanu, bokosi litakulungidwa m'bulangete pa kaliyala, ine nditakhala pa chitsulo cha kutsogolo. Pamchenga tinkatsika n'kumakankha. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbuu, ndipo mphepo inkaliza udzu wouma m'mbali mwa msewu.

Loweruka m'mawa tinalowa m'tchalitchi anthu asanabwere. Munali mozizira kwambiri. Dzuwa linkalowera pa mawindo opanda magalasi n'kugona pa mabenchi a njerwa, fumbi likuyandama m'kuwalako. Adada analumikiza mabatire, tinadikira. Kunja azimayi anali atayamba nthungululu.

Do wapansi anakhazikika msanga. Titayamba wapamwamba, msuweni wanga Esnati anasuzumira pa windo.

"Lusungu, akuwaveka velo ankhazi. Ukachedwa atseka chitseko."

Ndinali ndisanaonepo velo pafupi. Kwa mwezi wathunthu ndinkalota nsalu yoyera imeneyo, imene ankati yachokera ku Blantyre. Adada anali akuuzira kabango, masaya atatupa, dzanja lili m'bokosi. Kunjenjemera kuja kunalipo, komveka bwino, kothamanga ndithu. Ndinadziwa kuti pakufunika kubwerera kwa do wapansi, kenako kubweranso kuno, mwina katatu, mwina kasanu.

"Lakhazikika, adada," ndinatero.

Anachotsa kabango pakamwa n'kundiyang'ana pamilomo.

"Lakhazikika?"

"Inde."

"Yewo, mwana wanga. Pita."

Ndinathamanga. Mumtima ndinkati iwo alimva okha, akonza ine nditapita. Velo ndinaiona, ndinaikhudzanso ndi nsonga ya chala. Inali yopepuka ngati utsi.

Tchalitchi chinadzaza. A kwa mkamwini anakhala mbali yakumanja, atavala majekete awo abwino. Adada anakhala kutsogolo pafupi ndi kwaya, bokosi lili pa tebulo loyalidwa nsalu. A Ziba, aphunzitsi amene ankatsogolera kwaya, anakweza dzanja, ndipo liwu lija linatuluka. Anthu anatembenuka kufunafuna kumene likuchokera. Nyimbo inayambira pansi, ndipo kumeneko zonse zinali bwino. Liwu la bokosi linkayenda patsogolo pa oimba ngati nyali, iwo akulitsata. Ndinaona gogo wina atagwira pakamwa.

Kenako nyimbo inayamba kukwera. Pa sitepe iliyonse bokosi linkaperewera pang'ono, ndipo kupereweraku kunkakula. Pofika pamwamba penipeni linalira mokhota, ngati mwana wa mbuzi wopanikizika pa mpanda. Theka la kwaya linatsata bokosi, theka linatsata a Ziba. Atsikana a kumbuyo anayamba kubisa nkhope m'mipango. A ku Edingeni anayang'anana.

Ine ndinayang'ana adada, ndikudikira kuti akwinye nkhope, asiye. Koma iwo anali atatsinzina, akumwetulira, mutu ukuweyuka pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali ya munthu amene wafika kumene wakhala akupita nthawi yaitali. Anamaliza ndime yoyamba yonse. Anayamba yachiwiri.

Amama ndiwo anadzuka kumbali ya azimayi. Anadutsa pakati pa tchalitchi atawerama, nagwada pafupi ndi adada, n'kuwakhudza pa chigongono. Adada anatsegula maso. Anayang'ana amama, anayang'ana kwaya, anayang'ana anthu onse. Kenako anazula waya wa batire mwakachetechete, n'kuika manja pa maondo. Kwaya inamaliza yokha.

Pa phwando amuna ankawaseka mwachibale. Wina anati, "A Tembo, wailesi yanu ija inagwira siteshoni ya Lusaka." Adada anaseka nawo n'kunena kuti msewu ndiwo unaligwedeza. Ine chakudya chinandikanika. Nyama ya ng'ombe, imene tinkaidya kamodzi pa chaka, ndinampatsa Esnati.

Dzuwa litapendeka ndinawapeza okha m'tchalitchi. Bokosi linali lotsegula, iwo akuyang'ana m'kati, akugwiragwira mawaya amodziamodzi. Ankafunafuna cholakwa chawo. Ndikanakhala chete, akanapeza kena kake kokadzudzula, kaya batire, kaya kuzizira, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinagwada pansi, mutu uli chozolika, ndipo ndinanena zonse: kuti silinakhazikike, kuti ndinamva bwinobwino, kuti ndinkafuna kukaona velo.

Adada anasiya mawaya aja n'kutembenukira kwa ine.

"Dzutsa mutu, Lusungu," anatero. "Ndione pakamwa. Wati bwanji?"

Ndinayenera kunena kachiwiri, ndikuwayang'ana m'maso. Chilango choposa chimenecho sindinachilandirepo.

Atamva anakhala pa benchi, n'kundikodola kuti ndikhale pambali pawo. Analankhula motsitsa, akuyang'ana kukhoma.

"Ku mgodi ndinkagwira makina obowolera miyala. Anandisiyira mluzu m'makutu muno, ndipo suleka, usana ndi usiku. Mawu apansi ndimawamva. Okwera amalowa mu mluzuwo n'kusowa. Mbalame ndinaleka kuzimva iwe usanabadwe."

Ndinafunsa ngati anthu akudziwa.

"Amama ako okha. Wokonza mawailesi wosamva, ndani angamubweretsere wailesi yake?" Anapukuta sikuludiraiva pa buluku. "Ukanangoti, adada, ndikufuna ndikaone velo, mbwenu ndikanakulola. Ndikanadikira. Kudikira sikundivuta."

Analumikizanso batire, ndipo tinadikira mpaka bokosi litafunda. Kunja kunkamveka ng'oma ndi kuseka kwa anthu, koma patali, ngati za mudzi wina. Anatsamiritsa mwala pa kiyi, naika kabango pakamwa.

Tinapita kwa do wapansi, tinabwera kwa wapamwamba, tinabwereranso. Sindinawerenge kuti kangati. Ndinatsinzina. Kunjenjemera kuja kunkachepa, kenako n'kudzukanso adada akapitirira muyeso, ine n'kuwalozera ndi chala kuti abwerere pang'ono. Pena ndinkaganiza kuti lakhazikika, koma ndikamvetsetsa ndinkapeza kafunde kamodzi kaulesi kakubwerabe kuchokera kutali. Ndinkadikira kuti nakonso kafe. Kuwala kwa pa mawindo kunachoka pa mabenchi n'kukwera khoma, kukufiira. Potsiriza panalibenso kanthu pakati pa mawu awiriwo.

Ndinawakhudza pa dzanja. "Tsopano lakhazikika."

Anaika nsonga za zala zawo pa pepala la sipika, n'kukhala choncho nthawi yaitali.

"Tandiuza, likumveka bwanji?"

Palibe amene anali atandifunsapo funso lotere. Ndinaganiza, kenako ndinati likumveka ngati msewu wa ku Chikangawa m'mawa, wowongoka, mitengo ili mbali zonse, wopanda munthu. Anagwedeza mutu.

"Ndi momwemo ndinkaliganizira."

Ndiye anaimba nyimbo ija, kuyambira pansi mpaka pamwamba, m'tchalitchi mopanda anthu. Pamene ankakwera ankandiyang'ana, ine n'kumavomera ndi mutu. Ali pa ndime yachiwiri ndinaona chinthu choyera pakhomo. Anali ankhazi, akadali m'diresi lawo, fumbi litafiiritsa m'munsi mwake. Anali atathawa phwando lawo lomwe atamva liwulo. Sanalowe. Anatsamira pa mphuthu ya chitseko n'kumvetsera mpaka mchimwene wawo atamaliza.

Bokosilo linatumikira ku Manyamula zaka zingapo, ndipo nthawi iliyonse ya tchuthi ine ndinkapita kukalichuna. Chinsinsi cha adada ndinachisunga mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndikuchilemba lero chifukwa palibenso wailesi imene angawalande.

Nditakula ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri. Nthawi zambiri ndinkaima pakati pa dokotala wolankhula Chingelezi ndi mayi wokalamba wodziwa Chitumbuka chokha. Mzere ukakhala wautali, miyendo ikuwawa, zinali zapafupi kufupikitsa mawu a dokotala n'kungoti, "Ati muli bwino, amama, pitani." Mayiyo akanathokoza n'kumanga mankhwala ake pa nsonga ya chitenje. Sakanadziwa. N'chifukwa chake ndinkakoka mpando n'kukhala pansi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bodza limagwidwa ndi amene wanamizidwayo, ndiye ngati ali wamkulu ndi wanzeru, palibe choopsa. Tsopano ndikudziwa kuti si aliyense wofunsa amene ali ndi yankho m'thumba. Alipo ena amene amafunsa chifukwa alibe kwina kokamvera. Zimene uwauze amazitenga momwemo, n'kukaima nazo pamaso pa anthu atatsinzina.