Chikoti cha m'buku la Celestina

Celestina sankatha kulemba ngakhale dzina lake, koma mabuku amene ana a pakomboni ankalimbirana, papulazi ina ya fodya, munda waukulu wa mzungu kufupi ndi Raffingora, ankapanga ndi iyeyo. Anachoka kwawo ku Dedza ndi mwamuna wake kupita kudziko la eniko boma la Chitaganya litangoyamba. Mwamunayo atamwalira ndi chifuwa, anamusiya m'kanyumba ka pulazi, ndipo lamulo linali lakuti wamasiye akhalemo ngati akugwira ntchito komanso ngati savuta. Ntchito ankagwira, yomanga fodya m'shedi. Kusavutako ndiye kunkamukanika.

Ankatola zidutswa za pepala lokutira mabelo, n'kuzipinda, n'kuzisoka ndi chingwe cha mabelo chomwecho. Utoto wakuda unali mwaye wa m'balani, wofiira katondo, wina buluu wochapira zovala, ndipo ankapaka ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Mawu munalibe. Munali thirakitala itatitimira m'matope, mbuzi ya a Zeferino a pakombonipo ikudya malaya pachingwe, azimayi akukangana pampopi. Akamaliza tsamba ankaliyala pamphasa Lamulungu masana, ndipo ana akalephera kutchula dzina la munthu mmodzi yekha wojambulidwapo, ankaling'amba osaphethira. Za mabuku a kusukulu ya pulazi, a tiana tovala nsapato tikudya maapozi, ankati ndi abwino kukolezera moto.

Mavuto anabwera ndi Filesi, mlezi wa kunyumba ya bwana, amene anabwereka buku limodzi kuti akatonthozere mwana wa mzungu. Dona, mkazi wa bwanayo, analiona, nalikonda, n'kuitanitsa Celestina. Anati akufuna kukalionetsa ku chionetsero cha alimi ku Banket, anthu akaone luso la antchito ake. Tsamba limodzi lokha ndi limene linamuwawa m'maso: ana akutola mbozi m'munda wa fodya, zitini m'manja, kumbuyo kwawo kapitawo Lazalo atagwira chikoti. Dona anati chikoticho chifafanizidwe, m'malo mwake muikidwe ambulera. Anakumbutsanso, akumwetulira, kuti nyumba zikusowa pakomboni.

"Inu achemwali, ambulera chabe basi," anatero Filesi pobwerera. "Mukufuna mukagone mumsewu chifukwa cha pepala?"

Celestina anachita mantha, tisaname. Ku Dedza kunalibe womuyembekezera, ndipo mapulazi ena sankalemba mkazi wopanda mwamuna. Anasungunula buluu uja, najambula Lazalo papepala lina, ambulera ili m'manja, n'kuyala pamphasa. Ana anazungulira, kuyang'ana, kenako wina anafunsa kuti kodi mlendoyu ndi m'busa wa mpingo uti. Onse anafa nacho chiseko. Celestina sanaseke. Anapsa mtima, ndipo amene anamupsera mtima kwambiri anali iye mwini.

M'mawa mwake anabweza buku kwa dona lili momwe linalili.

"Dona, ana awa sanamuonepo Lazalo ndi ambulera," anatero. "Mukam'patsa ambulera kumundako, ine ndidzajambula tsiku lomwelo."

Dona anamuponyera bukulo pamapazi. Pofika madzulo uthenga unali utafika kale wakuti Loweruka nyumba ya Celestina ikhale yopanda munthu.

Loweruka amene anatumidwa kudzatseka chitseko anali Lazalo yemweyo, chikoti chili m'khwapa monga mwa masiku onse. Anapeza katundu atamangidwa kale m'chitenje, ana a pakomboni atadzaza pakhomo. Celestina anadula chingwe cha buku lija ndi mpeni, nayamba kugawa masamba, aliyense lake. Lazalo anamuuza kuti afulumire, iye anayankha kuti adikire, sanathe.

Pamene linatsala tsamba la m'munda lija, palibe mwana amene anatambasula dzanja. Kenako Emilia, mwana wa Lazalo, amene nayenso ankatola mbozi ndi anzake, anapyola pakati pawo.

"Azakhali, ine mundipatse la ababa."

Celestina anamupatsa, nasenza katundu wake, kulowera njira ya ku Banket. Lazalo anatsala ataima pakhomopo, loko ali m'manja, mwana wake akuyang'ana pepala, akuyang'ananso bambo akewo.