Nkhope ya pa Khoma la Saluni

Mlendo akafunsa zoti aone pa Mwanza, anthu amamulozera makoma a masitolo. Zithunzi zonse za pamakomawo anajambula ndi mkulu mmodzi, amene mpaka lero amayenda ndi kachitini ka penti panjinga, ngakhale manja awo amanjenjemera ndipo burashi anaisiya. Ukawafunsa amati, "Njinga inazolowera."

Mkazi wa pazithunzi zawo ndi mmodzi yemweyo, wa kampata m'mano, kaya wasenza manachesi, kaya akulukitsa tsitsi. Akuluakulu amadziwa kuti ndi malemu Nangozo, akazi awo, amene sanajambulitsepo ndi kamera.

Chaka chino kampani ina yakhala ikupaka makoma utoto wake, ndipo nkhopezo zatha imodziimodzi. Inatsala ya pa saluni ya Iness, kufupi ndi malire. Tsiku limene opaka anafika, Iness anaona mkuluyo ataima patsidya pa msewu, chipewa chili m'manja ngati pamaliro.

"Pakani, mwanangu, khoma ndi lanu," anatero atawoloka. "Ine ndangobwera kudzatsanzika."

Iness anayang'ana khoma lake lothetheka, limene ankachita nalo manyazi.

"Pakani ponse," anauza opakawo, "koma amayiwa muwalambalale."

"Abwana salola zimenezo, mayi."

"Ndiye nyamulani zitini zanu."

Khomalo likadali lothetheka. M'mawa uliwonse mkuluyo amatsika njinga pamenepo, n'kuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, Nangozo? Dzuwa silikukuwotchani?"