Machubu a Chinangwa

Ntchito imene anandilembera m'labotale ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo inali yoyeza nthaka ndi feteleza. Za machubu palibe anandituma. Ndinaziyamba ndekha chifukwa dothi lililonse lobwera kudzayezedwa linkakhala ndi tizidutswa ta pulasitiki wakuda, wa machubu amene timaleleramo mbande za tiyi ku nazale. Tina tinali takale kuposa ana anga, koma tosawola ngakhale pang'ono.

Ku koleji ndinaphunzira kuti sitachi ya chinangwa ikaphikidwa pamodzi ndi gilisalini, yemweyu timadzola amayi m'nyengo yozizira, imauma ngati chikopa chopyapyala. Ndinaonjezamo ulusi wa makungwa a nthochi kuti ilimbe. Machubu oyamba anasungunuka atangothiriridwa. Achiwiri anadyedwa ndi makoswe. Nditayamba kuwapaka phula la njuchi kunja kwake, ndinapeza chimene ndinkafuna: opirira ku nazale, koma owola akakwiriridwa.

Bwana manijala anandilola kuyesa pa kamunda kamodzi. Mbande zinawokedwa mvula itakhazikika, koma pasanapite nthawi zambiri zinafota. Anandiitanitsa ku ofesi.

"Mayi, phala lanu lija landiphera tiyi. Nkhaniyi ndaitseka. Bwererani ku mabotolo anu."

"Mundawo mwauona, bwana?"

"Ndauona ndikudutsa pagalimoto."

"Ine ndikaufukula."

Ndinafukula mbande zitatu zofota. Zonse zinali ndi mizu yothothoka, ndipo m'dzenje munalibe chubu, munalibenso zotsalira zake. Ndinafunsa a kapitawo oyang'anira owoka, bambo achikulire a ku Thekerani, amene anayamba ntchito ine ndili kusukulu. Ananditengera pansi pa mtengo wa bulugamu, n'kundilozera mitolo ya machubu anga ong'ambidwa, yomangidwa mwaudongo.

"Onse alipo, madamu. Sitinasiye n'limodzi lomwe m'nthaka."

Ananena monyadira, ndipo anali ndi chifukwa. Lamulo la pa esiteti n'lakuti wowoka ang'ambe chubu, apereke kwa kapitawo. Wokwirira pulasitiki amabwezedwa kunyumba tsiku limenelo. Pa pulasitiki mizu imangoterereka. M'machubu anga inali italowerera m'makoma, ndipo powang'amba anaidula.

"Kalata yanga yofotokoza kawokedwe simunaione?"

"Inafika, madamu. Chingelezi chabwino kwambiri. Ili ku ofesi."

Mayi wina wowoka anafuula ali chigwadire: "Ife tinkadikira kuti mutiuze tikazinge, poti akuti n'chinangwa!"

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinanyamula mtolo umodzi, n'kukauika patebulo la bwana ndi dothi lake lomwe.

"Mwandidetsera mapepala."

"Apukuta amesinjala. Cholakwa ndi changa: ndinalemba kalata m'malo mopita kumunda. Koma machubu sanalakwe, pakuti sanalowe n'komwe m'nthaka. Simungaweruze chinthu chimene sichinayesedwe. Mbande zotsala ku nazale ndikuzifuna."

"Antchito sindikupatsani."

"Sindinapemphe antchito."

Loweruka m'mawa ndinavala jombo za mphira, ndinamanga chitenje pamwamba pa siketi, n'kuyamba kuwoka ndekha. Maondo anga sanazolowere kugwada kwina kupatula kutchalitchi, ndipo mzere woyamba unakhota. A kapitawo, amene ankadutsa panjinga kupita ku Luchenza, anaima n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Madamu, mzere umenewo ukundichititsa manyazi. Bweretsani kuno."

Anatenga mbande, ndipo chala chawo chachikulu chinapita chokha pamphepete kuti ching'ambe chubu.

"Ayi, bambo. Momwemo."

"Manja akukana, madamu. Zaka zonsezi ndakhala ndikubweza anthu chifukwa cha chimenechi."

"Auzeni manjawo kuti mlandu ndi wanga."

Anakwirira, n'kupondaponda dothi, akuyang'ana kumsewu ngati munthu amene waba. Ku Luchenza sanapitenso tsiku limenelo.

Mizere imeneyo inagwira, kupatula mbande zingapo zimene chiswe chinadya. Bwana sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Anangotuma amesinjala kudzafunsa kuti ndingaumbe machubu angati mvula ina isanafike. Ndinawauza amesinjalawo mwaulemu kuti funso limenelo likufuna mwini wake, ndipo labotale imatsegulidwa seveni koloko. Bwana anabwera mawa lake, n'kugogoda.