Fisi Wovala Kazako

Ndikukumbukira chilimwe choyamba titabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo tinawasiya m'manda ku Dedza, choncho tinabwerera atatu: amayi, achemwali anga aRoza, ndi ine. Pamudzi pathu, chakufupi ndi Fonte Boa m'chigawo cha Tete, tinapeza mitengo ya mapichesi yokha ili chiimire. Nyumba inali itasanduka chulu, munda uli tchire lokhalokha.

Mwini mbumba anali amalume aBenjamini, mlongo wawo wa amayi. Pomanga nyumba yatsopano sanagwireko ngakhale mtengo umodzi. Ankabwera dzuwa likafika paliwombo, n'kukhala pamthunzi, kumatiuza kuti khoma lapendama.

Nyumba itatha, amayi ndi aRoza anayamba kuzira. Kwathu ntchito imeneyi ndi ya akazi, ndipo aliyense amakongoletsa khoma lake ndi mizere ya dothi lofiira ndi loyera. Ine ndinali nditaphunzira kujambula kumsasa wa othawa nkhondo, pa makatoni, ndipo ndinapempha kuti andisiyireko khoma loyang'ana pabwalo. Amayi anali otopa. Anangoti ndisawononge dothi lawo loyera, poti ankakalikumba kutali kudambo.

Ndinajambula nthano imene mnzanga wina anandiuza tili pamzere wotunga madzi kumsasa kuja. Inali ya fisi amene anabwereka zovala za munthu, n'kukafunsira mkazi, n'kupita naye kuphanga kumene kunali mafupa a akazi ake oyamba. Mitundu ndinali nayo itatu basi. Fisi ndinamupaka makala osinja, ataima ndi miyendo iwiri. Mkwatibwi ndinamupaka dothi loyera, wopanda nkhope, chifukwa nkhope za anthu zinkandikanika. Linatsala dothi lofiira, ndiye kazako amene fisiyo anavala, kapena kuti jekete, anakhala wofiira. Chopakira chinali kamtengo kotafuna kunsonga, ndi nthenga ya nkhuku polemba mano. Pamwamba ndinaikapo kadzidzi, koma amayi anati mbalame yoitana maliro sikhala pakhoma pawo, tinalira kokwana. Ndinamufufuta. Za fisi amayi sanadandaule.

Amalume anachiona chithunzicho tsiku lomwelo dothi lisanaume. Anaseka mpaka kutsokomola, nati fisi wanga ndi wokhuta kuposa anthu a m'nyumbamo. Pambuyo pake ankachiona tsiku lililonse akabwera kudzadya.

Panapita miyezi, kenaka panatulukira aJuwakimu. Anali wosintha ndalama pamalire pa Kalomwe, makwacha dzanja ili, metikali dzanja linalo. Anawaona aRoza ku Ulongwe akugulitsa nkhuni. Anali ndi njinga yatsopano, wotchi imene ankaiyang'ana ngakhale palibe wowafunsa nthawi, ndi kazako wofiira amene sankamuvula ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Ine ndinali ndisanawaonepo n'kamodzi komwe.

Amayi ankaufuna ukwatiwo, ndipo sindiwaweruza. Mvula inali pafupi, munda uli ndi zitsa, pakhomo palibe mwamuna. AJuwakimu anali atanena kale kuti iwo khasu sagwira, koma adzalemba aganyu ndi kugula feteleza. Kwa mayi wamasiye wobwera kumene ndi mphika umodzi ndi bulangeti, mawu amenewo anali aakulu. ARoza ankangosinja.

Anabwera kudzafunsira Lamlungu lina anthu atatuluka ku Misa, ali ndi amalume awo, bambo wokalamba wosalankhulalankhula. Tinayala mphasa pansi pa pichesi. Mpando tinachita kubwereka, ndipo aJuwakimu anayamba aupukuta ndi kansalu asanakhalepo. Mpandowo unayang'ana kukhoma kuja. Ine ndinali chapambali, ndikukonza khola la nkhuku. Kukhitchini kunali amayi atatu oyandikana nawo amene anabwera kudzathandiza kutsanulira thobwa.

Malonje asanathe, ndinaona aJuwakimu asiya kumvetsera. Maso anali pakhoma. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika chikho pansi.

"Kodi mwana wake ndi uti amene wandijambula apayu?"

Mpaka nthawi imeneyo panalibe munthu m'mudzi monse amene anaganizapo zimenezo. Amayi aja anasuzumira pakhomo la khitchini, kuyang'ana khoma, kuyang'ana mlendo. Mmodzi anatseka pakamwa ndi chitenje n'kubwerera m'kati. Tonse tinamva kuseka kotsamwa kukuchokera mu utsi.

Amayi anga anagwada, nafotokoza kuti ndi masewera a mwana, ojambulidwa kalekale alendowo asanadziwike pakhomopo. AJuwakimu anafunsa ngati akuwayesa wabodza kapena wakhungu. Ndiye anaimirira, napita pakhomapo, nayamba kutisonyeza okha. Anati taonani kazako. Anati taonani mimba, taonani mapewa otsikawa, taonani kaimidwe. Chilichonse chimene ankaloza, anthu ankachiyang'ana pa fisi, kenaka pa iwo, n'kupeza kuti n'zoona. Ine amene ndinajambula sindikanatha kupeza kufanana kochuluka chotero. Anamaliza ndi kunena kuti chithunzicho chifufutidwe, ndipo mwanayo alangidwe iwo akuona, apo ayi akupita. Anati atsikana ndi ambiri kuyambira pa Kalomwe mpaka ku Tete.

Ndinayang'ana amalume. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse, poti iwo ndiwo anali mboni, ndiponso mawu awo ndiwo anali omaliza pabwalopo. Akanangonena kuti chithunzichi anachiona chikali chonyowa, nkhani ikanathera pomwepo. M'thumba la malaya awo munkaonekera paketi ya ndudu imene aJuwakimu anawapatsa pofika.

"Mwanayu ngwamwano kuyambira kale, akamwini," anatero. "Takhalani pansi, ndithana naye."

Anawatchula akamwini munthu asanalandiridwe n'komwe. Anathyola nthambi ya pichesi yomwe inali pamwamba pa mutu wawo, naisadzula masamba mosafulumira. Mkwapulo wa pichesi suthyoka msanga. Anandikwapula m'miyendo, ndipo pakati pa ntchitoyo ankacheukira mlendo kuti aone ngati zikukwanira. Mlendoyo anali atayambiranso thobwa lake.

Kenaka anandituma kukakanda dothi. Ndinazira khomalo ndi dzanja langa, kuyambira kumiyendo ya fisi kukwera m'mwamba, mamina ndi misozi zikugwera m'chidebe. Dothi linali lozizira, ndipo mpaka lero fungo la dothi lonyowa limandikumbutsa kuyabwa kwa mikwingwirima. AJuwakimu ankayang'anira ali pampando. Nditati ndamaliza, anati patsala khutu.

Nkhani ya ukwati inapitirira ngati panangodutsa nkhuku. Akuluakulu atamvana, anaitana aRoza monga mwa mwambo, kuti afunsidwe pamaso pa onse. Funsoli aliyense amadziwa yankho lake lisanaperekedwe. Mtsikana amangoyang'ana pansi n'kuvomera chapansipansi. ARoza anagwada kumphepete kwa mphasa. Amalume anawafunsa ngati alendowo akuwadziwa.

"Dzulo sindinkawadziwa, amalume. Lero ndawadziwa. Sindikuwafuna."

Sanakweze mawu. Amalume anayesa kuseka, nati mwana wachita manyazi, afunsidwenso. Anafunsidwanso, nayankha chimodzimodzi. Amalume anayamba kukamba za feteleza, za zitsa, za mayi wake amene akuvutika. Woyamba kuimirira anali bambo wokalamba uja, amene tsiku lonse sananene kanthu kupatula moni. Anatola ndodo yake, nauza aJuwakimu kuti mwana wayankha, azipita. AJuwakimu anakankha njinga yawo mpaka kumsewu akulankhula okha za anthu osayamika.

Sindinganame kuti zinatiyendera bwino. Amayi anakhala masiku osawalankhula aRoza. Munda tinauswa tokha atatu, kuzula zitsa ndi makasu obwereka, manja matuza okhaokha. Feteleza sitinamuone. Mwezi wa Febuluwale tinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina nkhwani wopanda kanthu. Tsiku lina tikupalira, amayi anaweramuka, napukuta thukuta, nauza aRoza kuti munthu womenyetsa mlamu wake asanalowe m'nyumba akanadzatani atalowa. Sanawonjezere, ndipo nkhaniyo sanaikambenso. ARoza anadzakwatiwa patapita zaka, ndi mlimi wa kachewere amene sadziwa kulankhula bwino pagulu. Ali limodzi mpaka lero.

Amalume sanasinthe. Anapitiriza kubwera nthawi ya chakudya, ngakhale m'miyezi ya njala ija. Pamowa ankauza anthu kuti ine ndinapasula ukwati wa mlongo wanga ndi zojambula zaufiti, ndipo ananena zimenezo mpaka ukalamba. Pamaliro pawo ndinanyamula nawo bokosi, chifukwa mwambo umatero.

Ndimajambulabe ndikaweruka kuntchito, tsopano ndi tinta, utoto wogula, pansalu. Ndimajambula nyama za m'nthano zoopsa: nsato yomeza ng'oma ya mudzi, khwangwala wogulitsa maso pamsika, nguluwe yovala mkanjo. Ena amandifunsa kuti ndikunena yani. Ndimawauza kuti ndi nyama. Wofuna kudzipezamo amadzipeza yekha, safuna thandizo langa.

Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti amene anandilakwira anali aJuwakimu. Lero ndimaona kuti sanali oyenera ngakhale kukwiyiridwa. Munthu woima pamaso pa fisi n'kuyamba kuwerenga ziwalo zimene akufanana naye wadziweruza kale, ndipo anthu otere ali pamsika uliwonse. Chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti chitsiru pachokha sichingamenye mwana wa eni pabwalo la eni. Chimafuna munthu wa pakhomopo, wodziwa zoona zake, woti achithyolere mkwapulo. Wathu anapezeka msanga, ndipo mtengo wake unali paketi ya ndudu.