Kukafuna Manda a Mtengatenga ku Karonga

Tinanyamuka ku Mzuzu m'mamawa, ine ndi bambo anga, pa minibasi yomwe chitseko chake ankachita kumanga ndi chingwe. Ine ndinkafuna kukaona malo akale basi. Bambo ankafuna manda a agogo awo, omwe anagwidwa ku Dowa kuti azikasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani, ndipo sanabwererenso.

Titatsika phiri la Chiweta, maenje a mumsewu anatigwedeza mpaka m'chiuno kuchita dzanzi. Pa Ngara kondakitala anakweza dengu la usipa n'kulisanjika pamiyendo pa bambo. Iwo sanadandaule, anangolikumbatira ngati lawo.

Pa boma la Karonga tinafika dzuwa lili paliwombo. Titadya mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, tinakwera makabaza, K1,000 aliyense. Oyendetsa makabazawo anayamba atisonyeza mlambe womwe akuti asilikali anakwezamo mfuti yaikulu. Ndinajambula. Kenako anatifikitsa kumanda a asilikali.

Mandawo ndi osamalika kuposa pakhomo pathu. Pali mpanda, pansi m'posesa, mwala uliwonse uli ndi dzina lake. Ngakhale Ajeremani, adani aja, anapatsidwa pogona. Bambo anavula chipewa n'kuyamba kuyenda mwala ndi mwala, akulondola zilembo ndi chala. Ndinkadziwa kuti dzinalo palibe, koma ndinalibe mtima wowauza.

Atamaliza, anafunsa mkulu wina amene ankadutsa ndi khasu kuti amtengatenga anaikidwa kuti. Mkuluyo anayang'ana kuminda, kenako kunyumba za anthu.

"Adada, nkhumanya yayi," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti sakudziwa, asanatembenukire ku Chichewa. "Timangomva kuti ankakwiriridwa pomwe agwera."

Ndinawapempha bambo kuti ndiwajambule, anthu kumudzi akaone kuti tinafika. Anandifunsa kuti ndiwajambula ndi manda a yani. Foni ndinaibweza m'thumba.

Pofuna kuwasangalatsa, ndinapita nawo kunyumba yosungiramo zinthu zakale, komwe kuli mafupa a chinyama chachikulu chomwe chinafa anthu asanakhaleko. Wotionetsa anafotokoza monyadira mmene akatswiri anakumbira mafupawo m'mapiri, kuwatsuka, kuwalumikiza, mpaka kuchipatsa dzina. Bambo anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ichi ndiye anachifunafuna mpaka kuchipeza," anatero. "Tiye tizipita."

Tinabwerera m'mawa mwake. Ndinaphunzira kuti malo oonetsa alendo amakumbukira okhawo amene wina anawafunafuna. Tikulowa mu Mzuzu, bambo anandifunsa kuti azakhali anga, omwe ankadikira uthenga kumudzi, akawauza chiyani.