Mpunga pa Paska ya Malume Dezső

Malume anga a Dezső ankagulitsa vinyo ku Budapest, ndipo mphuno yawo ndiyo inkalamulira banja lonse. Chakudya chikapanda kugwirizana ndi vinyo wawo, wolakwa ankakhala wophika. Ngakhale akazi awo, malemu a Piroska, sankawasiya. Vinyo wotsekemera amene mayiwo ankamukonda pa Paska yathu ya Chiyuda, malume ankamutcha mankhwala a chifuwa.

Chaka china mwana wawo Andor anabwera ndi chibwenzi, Yerusha, Myuda wa ku Mumbai, n'kunena kuti ndiye aphike za Paska. Ine mtima unali m'mwamba, poti chibwenzi choyamba cha Andor chinathera pa tebulo la malume lomweli, nkhani yake msuzi.

Malume anatulutsa vinyo wofiira wa ku Villány amene ankamusunga ngati dzira. Titatha mapemphero oyamba, Yerusha anavundukula mbale: nsomba yofiira ndi tsabola, pambali pake mpunga.

Ife Ayuda a ku Budapest, mwambo wathu ngwakuti pa Paska mpunga sitiukhudza n'komwe.

"Iwe Andor, mnzakoyu kalendala anaiwala mu ndege?" anatero azakhali a Zsuzsa, ati kunong'ona, koma khoma lomwe linamva.

"Kwathu timadya, bambo," Yerusha anauza malume. "Rabi wathu amalola."

Malume ananyema nsomba, n'kutsatiza vinyo wawo uja. Tsabola ndi vinyo zinayambana pakhosi, munthu wamkulu n'kutsokomola mpaka misozi. Anadzuka n'kutuluka. Andor anayamba kuyang'ana pamene anapachika majasi, ndipo ine ndinamumvera chisoni mtsikanayo.

Malume anabwerako atanyamula botolo lafumbi. Azakhali anagwira pakamwa. Anali vinyo wotsekemera wa a Piroska, amene palibe anamukhudza chimwalirireni mwini wake. Malume, amene ankati chinthu chimenecho sichidzadutsa pammero pawo, anathira, analawa ndi nsomba, n'kulawanso.

"Zaka zonsezi ndimati Piroska sadziwa vinyo," anatero pomaliza. "Kani vinyo wakeyu amangodikira nsomba imeneyi."

Kenako anakankhira mbale yawo kwa Yerusha.

"Mpungawo ayi, mwana wanga, agogo anga angadzuke kumanda. Koma nsombayo onjezera."

Anapita ku kabati, natenga chikho cha a Piroska, chimene ngakhale Andor sankaloledwa kuchigwira. Anachipukuta ndi taye yawo, anachidzaza, n'kuchiika patsogolo pa Yerusha.